A Laxon ndi Akangaude a ku Phiri la Misasa

A Laxon Mbewe anabadwira m'komboni ya antchito a pa purazi ina, famu ya fodya, pakati pa Banket ndi Mhangura, m'dziko la Ashona. Bambo awo anachokera ku Ntcheu wapansi kudzafuna ntchito, ndipo anaikidwa pomwepo osabwererako kwawo. A Laxon anakula akuthirira maluwa kunyumba ya mzungu, n'kukwatira Masozi, mwana wa kapitawo wa kumabhani ochizira fodya.

Mwini puraziyo anali ndi mlongo wake amene ankabwera chaka ndi chaka kumapeto kwa Ogasiti, chisanu chikamatha, mitengo ya misasa ya paphiri la kuseri kwa damu ikamaphukira masamba ofiira aja amene Ashona amati pfumvudza. Ankadzatola akangaude. Antchito ankangomutchula kuti Dona wa Akangaude, ndipo palibe amene ankafuna kumuperekeza. A Laxon anavomera chifukwa kuphiri kunali mthunzi.

Ntchito ya a Laxon inali yopepuka. Ankayala nsalu yoyera pansi pa nthambi n'kuimenya nthambiyo ndi ndodo. Pansaluyo pankagwa tizilombo tosiyanasiyana, nyerere, mbozi ndi akangaude, ena obiriwira ngati tsamba, ena ang'onoang'ono ngati njere ya fodya. Dona ankawayamwa ndi kapaipi ka labala kolowera m'botolo. Masamba ouma apansi ankawasefa pa sefa ya waya, miyala ankaitembenuza n'kuibwezera mmene inalili. Onse ogwidwa ankalowa m'timabotolo ta spiriti.

Poyamba a Laxon ankanyansidwa nazo, koma patapita zaka anayamba kuidikira nyengoyo. Akaona msasa woyamba wafiira, ankachapa okha nsalu ija n'kuiyanika pa mpanda. Masozi ankawaseka kuti malaya awo sanachapepo ndi kamodzi komwe, koma nsalu ya akangaude imayera ngati ya paguwa la kutchalitchi.

Chaka china anagwetsa kakangaude kakuda ka mzere wachikasu pamsana, kodumpha ngati nthata. Dona anakayang'ana nthawi yaitali pagalasi lake. Ananena kuti sanakaonepo m'buku lililonse, ndipo akakapezeka kuti n'kachilendo adzakatcha dzina la Mbewe. Koma pankafunika ena ambiri, aamuna ndi aakazi omwe, kuti odziwa atsimikize.

Chaka chotsatira mapurazi a azungu anayamba kulandidwa. Dona anabwera tsiku limodzi lokha kudzathandiza mchimwene wake kulongedza katundu, ndipo kuphiri sanakwereko. Anawasiyira a Laxon nsalu, kapaipi, katoni ya timabotolo ndi chigubu cha spiriti.

"Muzitolabe, Laxon. Zinthu zikakhala bata ndidzabwera kudzatenga."

Purazi inagawidwa mapuloti. A m'komboni sanapatsidwe malo. Anauzidwa kuti ndi obwera, kwawo ndi ku Malawi. Amene anatsala ankakhalira maricho, ganyu wopalira ndi kuthyola fodya m'minda ya eni atsopano. A Laxon ankagwira nawo ngati wina aliyense, koma Ogasiti akamatha ankasowa m'mawa n'kubwera dzuwa lili pamutu, nsalu ili m'khwapa. Spiriti atatha anayamba kuthira kachasu. Timabotolo titatha, ankatola mabotolo a mankhwala a chifuwa kudzala la kuchipatala. Zonse ankazindandalika pa thabwa pansi pa denga.

Masozi anali atasiya kuseka. Ankawauza kuti anthu akulankhula, ndiponso kuti mzungu amene wapita ndi nyumba yake yonse sabwerera kudzatenga tizilombo takufa. A Laxon ankangoyankha kuti anapatsidwa ntchito ndipo palibe amene wawauza kuti yatha.

Zinafika poipa pamene mwana wa a Wonder, amene analandira puloti ya komboniyo pamodzi ndi phiri lomwe, anadwala matenda otupa miyendo. Mayi wina amene analowapo m'nyumba mwa a Laxon kudzapala moto ananena zimene anaona pathabwa paja. Loweruka masana a Wonder anafika ndi mneneri wa mkanjo woyera ndi gulu la anthu. Anatulutsa mabotolo onse n'kuwaunjika pabwalo. A Laxon anayesa kufotokoza m'Chishona za Dona ndi za mabuku. Mneneri anakweza botolo limodzi padzuwa kuti aliyense aone miyendo yopindikana ija, n'kufunsa ngati alipo munthu wabwinobwino amene amagona ndi zoterezi pamwamba pa mutu wake. Anthu a m'komboni, amene ankamudziwa Dona ndiponso anadyapo masiwiti ake, anangoyang'ana pansi. Nawonso malo awo ogona anali m'manja mwa a Wonder omwewo.

Mabotolo anaswedwa ndi mwala, limodzilimodzi, kenako anayatsapo moto. Nsalu inapsera pomwepo.

A Wonder sanawathamangitse. Anati nkhalamba ikhale, koma izigwira ntchito yolowa m'malo mwa lendi. Ntchitoyo inali yodula nkhuni za kumabhani, poti malasha amene mzungu ankachizira fodya anali atasiya kubwera. Nkhunizo zimadulidwa m'chilimwe kuti ziume mvula isanagwe, ndiye kuti a Laxon anabwerera kuphiri m'nyengo yomwe ija ya masamba ofiira, atanyamula nkhwangwa. Mnzawo wodula nawo, a Saturday, amati mtengo ukagwa a Laxon ankayamba agwada kaye n'kuyang'ana m'masamba, mpaka kapitawo awakalipire. Kenako anasiya kugwadako.

Masozi anamwalira m'chaka cha kolera. Mwana wawo Annet, amene amagulitsa tomato pamsewu ku Banket, wakhala akuwapempha kuti akakhale naye, koma chipinda chake n'chimodzi ndipo ana alimo kale. Zopita ku Ntcheu Annet anazitchulapo kamodzi. A Laxon anamufunsa kuti akatsika basi kumeneko akafunse nyumba ya ndani.

Nditapita kukawaona mwezi wa Seputembala wapitawu, ndinawapeza atakhala pakhonde. Phiri lonse ndi zitsa tsopano, ndipo moto wa osaka mbewa umadutsamo chaka chilichonse. Patsala kachigwa kamodzi ka misasa ka kumanda a komboni, kamene anthu ankaopa kudula. Ndinawafunsa ngati kakangaude ka mzere wachikasu kaja kakadalipo kumeneko.

"Kaya. Maso anga saonanso zazing'ono. Mwina kalipo, mwina kanatha."

Za Dona anamva mphekesera zoti anamwalirira kunja, koma amene ananena sanali wotsimikiza.

Chaka chino a Wonder awonjezera munda wa fodya, ndipo alamula kuti kachigwa kaja kadulidwe, kusiya mitengo ya pamitumbira penipeni. A Laxon mikono inafooka, sangathenso kugwetsa mtengo, choncho anawapatsa ntchito yonola nkhwangwa za odulawo. Pamene ndinkatsanzika n'kuti atanola zingapo, atazitsamiritsa kukhoma, akuthira madzi pamwala kuti ayambe ina.