Mphepo imene Rukia anayeza ku Mitande

A Bacar anabwerera ku Mitande m'chaka cha 1993 akukankha njinga yopanda tcheni, pakaliyala atamangapo mphasa, mapoto awiri ndi bokosi la masipanala. Kumbuyo kwawo kunkabwera Rukia, mwana wa mlongo wawo, yemwe mayi ake anatsala m'manda ku Malawi, kumsasa wa othawa nkhondo. Pamene panali nyumba anapezapo mitengo ya mango yokha ndi udzu wolekeza m'khosi. Analambula, anaumba njerwa, kenako anakhoma kachisakasa m'mbali mwa msewu n'kuyamba kukonza njinga, luso lomwe anatola kumsasako.

Anali munthu wosakhulupirira za m'kamwa. Ukawauza kuti njinga yangotha mpweya, iwo ankamasula ndi habu ya gudumu yomwe kuti adzionere okha. Khalidweli linali ndi pochokera. Nkhondo isanawathamangitse, kumudzi kunafika munthu wogulitsa nsalu, waulemu wake, yemwe ankafunsa kuti amuna alipo angati komanso njira ya kumtsinje ndi iti, n'kumalemba m'kabuku. Patangotha sabata mudzi unapsa.

Rukia anakula ndi mutu wa masamu. Anamaliza sekondale ku Cuamba, ndipo anasankhidwa kukaphunzira uinjiniya wa makina ku yunivesite ku Maputo. A Bacar anavomera chifukwa akazi awo, mayi Mwajuma, anawaumiriza, koma mtima sunakhale pansi. Kodi mtsikana amaphunzira chiyani zaka zisanu zathunthu chimene iwo sanachidziwe ndi sipanala?

Mu Julayi 2004, nthawi ya mphepo yamkuntho, Rukia anatsika pa chapa, minibasi ya kumeneko, ndi bokosi lalitali. M'mawa mwake anazika mtengo m'munda mwa amalume ake. Pamwamba pake anamangapo tizikho titatu tozungulira ndi mphepo, ndipo waya ankatsika mpaka pa kawotchi kosonyeza manambala.

"Chimenechi n'chiyani?" anafunsa a Bacar.

"Choyezera mphepo, amalume. Ndi kafukufuku wanga womalizira sukulu. Ndikufuna kupanga makina opopa madzi m'chitsime, oyendetsedwa ndi mphepo. Mapiko ake azikhala opindika ngati a ndege."

"Ndege?"

"Maonekedwe okha. Mphepo ikadutsa pa phiko lopindika imalikoka, ndiye gudumu limazungulira."

Ndege zimene a Bacar ankazidziwa zinali zija zinkauluka chapansipansi anthu akuthawira m'mapesi.

Tsiku lililonse, katatu, Rukia ankapita pamtengo paja n'kulemba m'kabuku. Kenako anayamba kuyenda m'minda ya anthu, kuwerenga mapazi kuchoka pachitsime kufika kumadimba. A António, omwe munda wawo unkachita malire ndi wa a Bacar, anabwera ku chisakasa ndi njinga yabwinobwino, yosafuna kukonza.

"Bambo Bacar, mwana wanuyu wamutuma ndani?"

"Akuti sukulu."

"Sukulu imafuna kudziwa kutalika kwa munda wanga? Kawaya kaja kamalankhula ndi ndani? Ife tinavutika kudula tchire lino. Musatigulitse tili maso."

Mawuwa anawalowa a Bacar, chifukwa ndi omwewo ankadzifunsa okha. Lachisanu, pobwera ku mzikiti, anapeza Rukia kulibe ndipo chikwama chake chili pamphasa. Anachitsegula n'kupezamo pepala la mapu. Chipwitikizi ankachiwerenga movutikira, koma mapu sankafunika kudziwa kuwerenga. Panali chitsime, msewu, munda wawo, wa a António, ngakhale chulu chakumadzulo. Pansi pake panali chidindo ndi siginecha ya munthu wosamudziwa.

Rukia atalowa anawapeza pepalalo lili pabondo.

"Iwe, mwini dzina ili ndi ndani?"

"Ndi aphunzitsi anga. Amalume, mwatsegula chikwama changa?"

"Ndatsegula. Chulu changa akuchifuna chiyani ku Maputo?"

"Chulu chimatchinga mphepo. Ndikapanda kuchilemba masamu asokonekera."

"Nanga pepalali likakafika kumeneko, aziliona ndani?"

Rukia anawayang'ana, misozi ili m'maso. "Mwandilera ndinu. Mukuganiza kuti ndingakugulitseni?"

"Sindikuganiza kanthu. Ndikufunsa."

Anatha masiku atatu osalankhulana. Lachinayi lake Rukia anabwera ku chisakasa kudzapempha habu yakale ndi tcheni. A Bacar anamupatsa, ndipo anamutsatira kumunda, osati pofuna kumuthandiza koma kuti aone ndi maso awo chimene chikumangidwa. Atafika anapeza Rukia akupinda lata pa chikuni molakwika, manja awo sanapirire. Anamulanda hamala.

Mapiko oyamba anathyoka tsiku lomwelo, mphepo itakula masana. Rukia anakhala pansi n'kubwerezanso masamu ake, a Bacar akunena kuti vuto ndi misomali, osati manambala. Zinapezeka kuti onse awiri ankanena zoona. Achiwiri anamanga ndi mabawuti, afupikitsako, ndipo gudumu linazungulira mpaka paipi inatsokomola n'kulavula madzi amatope. Chaka chimenecho mayi Mwajuma anakolola kabichi ndi tomato mu Okutobala, zomwe zinali zisanachitikepo. Ngakhale a António ankabwera ndi ndowa, koma ankatunga osayang'ana kumwamba.

Patapita zaka ziwiri kunafika galimoto yoyera. Munatuluka amuna atatu ndi timakina ta m'manja, akuti ndi a kampani yodzala mitengo ya bulugamu. Anayenda molunjika ngati odziwa malowo, anadutsa pa chulu, n'kukakhoma zikhomo pa tsala la a António, malo omwe ankasungira ana awo kuti adzalimepo. Milandu inakambidwa mpaka kuboma ku Mandimba, koma zikhomo sizinazulidwe.

Kuyambira pamenepo njinga zinachepa pa chisakasa, anthu akunong'onezana kuti miyeso ya Rukia ndi imene inabweretsa kampaniyo. Anthu ankadutsa akukankha njinga yophwa, kupita kwa wokonza wina kumsika. A Bacar anapirira mwezi, kenako anakwera chapa kupita ku Cuamba, komwe Rukia anali atayamba ntchito yokonza mainjini a sitima. Anamupeza atavala ovolosi, manja ali girisi yekhayekha.

"Ndabwera ndi funso limodzi," anatero. "Mapu aja ali kuti?"

"Ali m'buku langa, mulaibulale ya ku yunivesite."

"Atsekera?"

"Ayi. Aliyense akhoza kuwerenga."

"Ndiye anthu a mitengo aja anawerenga."

"Sindikudziwa, amalume. Iwo ali ndi zithunzi zojambulidwa kumwamba, zoposa mapu anga kutalitali. Sindikuona chimene akanafunira buku la mwana wasukulu. Koma kulumbira kuti sanaliwerenge, sindingalumbire."

A Bacar anamuyang'ana nthawi yaitali. Rukia akanakana mwamphamvu, iwo akanadziwa kuti akunama. Koma yankho ili linalibe pogwira. Rukia anawaperekeza pokwerera chapa, n'kuwapatsa thumba la mabawuti atsopano, ndipo iwo analandira.

Kumudzi a António anawafunsa kuti mwana wanena chiyani. A Bacar anayankha kuti wanena kuti sakudziwa. A António anaseka mopanda chimwemwe n'kutembenuka. Chaka chotsatira anasamukira ku Ngauma kwa achibale a akazi awo, ndipo sanatsanzike.

Makina aja anagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, a Bacar akuwathira girisi Loweruka lililonse. Rukia amabwerabe pa Idi ndi ana ake awiri, ndipo amalume ake amamuphera nkhuku. Amacheza za sitima, za mvula, za matenda a mayi Mwajuma. Nkhani ya munda wa a António palibe amaiyambitsa.