Kamwana ka Nguluwe M'khola la Bambo

Ndikukumbukira chilimwe chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, nthawi ija zipani zitangochuluka, akuluakulu akukhalira kukangana za mavoti pansi pa mitengo ya mango. Kwathu kunali kufupi ndi Ludzi, kumapeto kwa mudzi, kumene munda wathu unkathera m'dambo. Bambo anga sankalowa m'mikangano imeneyo. Mtima wawo unali pa nkhumba yathu yaikazi imene tinkaitcha Mawanga, ndi ana ake asanu ndi atatu amene anali asanaleke kuyamwa.

Kwathu nkhumba zimatsekeredwa dzinja lonse, ndipo anthu akakolola amazimasula kuti zizidzifunira zakudya. M'mwezi wa Okutobala munkazipeza zitagona m'matope a kudambo, za m'makomo onse pamodzi. Ntchito yanga inali kuzipatsa madeya ndi madzi zikabwerako. Bambo anali ndi lamulo limodzi: cha kutchire chisalowe m'khola, ndipo nyama ya nkhumba ya kumudzi wina isafike pakhomo. Sanafotokozepo chifukwa chake, inenso sindinafunse.

Tsiku lina osaka mbewa anatentha tchire la kuseri kwa dambo. M'mawa mwake ndinapita kukaona zimene moto wasiya. Pansi panali pakutenthabe, phulusa likulowa m'mphuno. M'kadzenje kena ndinapeza kamwana ka nguluwe, ka mizeremizere kumsana, mwendo wakumbuyo utapsa. Make anali atathawa. Sikanalire, kanangondiyang'ana kakunjenjemera. Ndinakakulunga m'malaya anga.

Pobwerera ndinakumana ndi amake Esinati pachitsime. Iwo ndi amuna awo anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, ndipo atatopa nawo anapempha malo m'mudzi mwathu. Ankakazinga nyama ya nkhumba pachiwaya m'mbali mwa msewu, n'kumagulitsa kwa anthu a njinga opita kumalire. Anasuzumira m'malaya muja n'kuseka.

"Iwe Petulo, wapeza mng'ono wako?"

"Chonde musakanene kwa bambo."

"Ine ndaona chiyani? Ndaona malaya akuda basi. Ukachape."

Ndinakabisa m'khola pakati pa ana a Mawanga. Bambo masiku amenewo ankalawirira kunazale ya fodya n'kubwerako dzuwa litalowa, choncho sanaone kanthu. Ndinkakapaka mafuta ophikira pabala paja. Tsiku lachitatu kanayamba kuyamwa limodzi ndi anzake, ndipo ndinamva ngati ndachita ntchito ya Mulungu. Tsiku lachisanu ndinapeza katatulukira pampata wa mitengo, kabwerera kwawo.

Patapita sabata, Mawanga anakana madeya. Anagona pakona akupuma movutika, makutu atafiira, kenako anada. Anafa tsiku lachitatu, ana ake n'kumutsatira mmodzimmodzi. Bambo anakumba dzenje lakuya kuseri kwa nkhokwe n'kukwirira zonse, osalola munthu kudulako ngakhale mwendo. Koma Mawanga anali atagona kale m'matope ndi zinzake. Matenda a chigodola anayenda khomo ndi khomo, ndipo pasanathe milungu itatu m'mudzi monse munalibe nkhumba yolira. Madzulo ndinkaiwala, n'kunyamula madeya kupita kukhola lopanda kanthu.

Anthu anayamba kufunsana amene anabweretsa matendawa. Sindikudziwa amene anayamba kunena kuti amake Esinati anagula nyama yotchipa ya nkhumba yodwala ku Zambia, koma pofika Lamulungu aliyense ankalankhula ngati anaona ndi maso. Anyamata anagubuduza chiwaya chawo n'kuchiboola ndi khasu. Kumapemphero a mphakati, mkeka umene iwo anakhalapo unatsala ndi malo mbali zonse ziwiri. Ine ndinali pomwepo, ndikuimba nyimbo ndi anzanga. Amake Esinati anandiyang'ana kamodzi kokha, ine n'kuyang'ana pansi.

Mvula isanagwe, anakweza katundu wawo pa lole yopita ku Lilongwe. Ndinaima patali m'mbali mwa msewu. Anandikodola, ndipo nditayandikira anawerama n'kufunsa motsitsa mawu:

"Kamwana kaja kanachira mwendo?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Chabwino. Uziwamvera bambo ako, wamva?"

Lole inanyamuka.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinawauza bambo zonse, tikuthirira kunazale. Anaika kheni pansi. Ndinkadikira mbama, ndipo ndinkaifuna. Sinabwere.

"Nkhumba tidzaweta zina," anatero. "Nanga mayi uja tikamupeza kuti?"

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, anaimirira atandigwira dzanja n'kufotokoza zimene ndinachita, osawonjezera, osachotsera. Wina anati, "Ndi mwana, sankadziwa." Bambo anayankha kuti mwanayo sankadziwadi, koma anyamata akuluakulu amene anaboola chiwaya nawonso sankadziwa kanthu. Anapempha kuti tilembe kalata yopepesa. Apa m'pamene zinadziwika kuti pa zaka zinayi zimene banja lija linakhala nafe, panalibe amene anafunsapo dzina la mudzi wa kwawo.

Nditakula, mlangizi wa ziweto anandiuza kuti nguluwe imatha kunyamula chigodola iyo osadwala, komanso kuti palibe angatsimikize pamene matenda a chaka chimenecho analowera. Mawuwo sanandipeputse mtima. Mlandu wanga sunali kutola kanyama kopsa ayi. Unali kukhala chete milungu yonse ija, mayi wondisungira chinsinsi akuvutika m'malo mwanga.

Mkazi wanga atamwalira, abale anabwera ndi maina a anthu amene ankawaganizira kuti anamulodza. Ndinawayalira mkeka, tinapemphera, koma sindinalole kuti dzina la munthu litchulidwe pakhomo panga. Ena amati ndine wozizira. Ine ndimangodziwa kuti mudzi wonse ukhoza kugwirizana pa chinthu chimene palibe anachiona.

Lero ndili ndi nkhumba zinayi, ndipo lamulo la bambo ndimalisunga. Ndikamapemphera ndimatchula mkazi wanga, kenako mayi uja. Dzina lawo lenileni sindinalidziwe. Ndimangoti amake Esinati, ndikukhulupirira kuti Mulungu akudziwa kumene lole ija inakawatsitsa.