Ababa Atakula Mtima

Chaka chimene othawa nkhondo ya ku Mozambiki anadzaza ku Chiponde mpaka kufika kwathu kunyanja, ababa anayamba kupuma wefuwefu akangosema bwato pang'ono. Madzulo mapazi ankatupa. Ine ndi amayi tinawakokera kuchipatala cha pa boma, iwo akung'ung'udza njira yonse.

Atawajambula pachifuwa, dokotala anati magazi awo akhala akuthamanga kwa zaka zambiri, ndipo mtima wakula. Amayi sanadabwe n'komwe.

“Adokotala, zoti bambowa ndi okula mtima ndakhala ndikunena chikwatiwireni. Mpaka kujambula?”

Dokotala anaseka mpaka kupukuta misozi. Koma ababa anamva zawozawo. Ankati mkono wa mmisiri umakula ndi ntchito, ndiye mtima ukakula walakwanji? Mapiritsi anawasomeka kudenga, ndipo mchere ankathira ndi dzanja lawo, akuwayang'ana amayi m'maso. Ine ndinkaseka nawo, koma ndili ndi mantha.

Amene anawagonjetsa ndi bambo wina wothawa nkhondo yemwe tinamupatsa malo kuseri kwa nyumba. Kwawo anali namwino, kwathu ankasoka maukonde. Chichewa chake chinali chopunduka, choncho ankacheza ndi ababa m'Chiyao. Tsiku lina anagogoda bwato limene ababa anali asanamalize kugoba, n'kufunsa ngati munthu angaligule lili choncho. Ababa anakwiya. Anati bwato lochindikala m'mbali chotero ndi lolemera, m'kati ndi mochepa, silinganyamule nsomba ngakhale dengu limodzi.

“Mtima wanu ndi umenewo, akulu,” anatero mlendoyo. “Ukukankha magazi mwamphamvu tsiku ndi tsiku, ndiye mnofu wake wachindikala n'kuuma. Malo olowa magazi achepa. Ukadzatopa, udzalephera n'kupopa komwe.”

Ababa anasisita m'mbali mwa bwatolo. Kenako anafunsa ngati mtima umagobeka. Mlendo anati kasemasema wake ndi mapiritsi aja ndi kuchepetsa mchere, koma ntchito yake ndi ya moyo wonse.

Ndinawaona ndekha ababa akutokosa mapiritsi aja kudenga ndi kamtengo. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankameza piritsi n'kulengeza kuti akugoba. Mkangano wa mchere wokha sunathe.

Nkhondo itatha, mlendo uja anabwerera kwawo, ababa akumunyamulira katundu mpaka pamsewu osapumira panjira. Ababa anasemanso mabwato ena asanu ndi awiri. Kukula mtima kwinako, amayi amati, kunalibe mapiritsi.