Madala Osataya Chigoba

Madala oyandikana nafe kuno ku La Pampa sagula zipolopolo m'sitolo, ati zimenezo n'za alenje aulesi. Amatola zigoba zamkuwa za zipolopolo zimene awombera kale, n'kuzitsuka, n'kuziwamba kukamwa pa mbaula ya akazi awo, a Nélida, kuti zisang'ambike. Akatero amathiramo onga watsopano, kuyeza pa kasikelo osapuma n'komwe. Mpope wa mfuti ukangofunda amaleka kuwombera, ati kutentha kumaudya m'kati.

"Mkuwa sufa wokha, Evaristo," amandiuza. "Amaupha ndi anthu opupuluma ngati iwe."

Ndinkangoseka, mpaka tsiku lomwe tinakasaka nguluwe imene inkatithera chimanga. Madala anaiwombera koma inangovulala, n'kutembenuka kulunjika ife. Ine ndinakwera mumtengo. Poyang'ana pansi, ndinaona munthu wamkulu atagwada, mfuti ili poteropo, akupapasa mu udzu!

"Madala, ikubweratu! Womberaninso!"

"Taima iwe, chigoba changa chagwera pompano!"

Nguluwe ija inawang'amba ntchafu n'kukafera patsogolo. Ndinawamanga mwendo ndi lamba, magazi ali chuchuchu, n'kuthamangira nawo kuchipatala. A Nélida anatipeza komweko akulira.

"Bambo inu, zoona mukanafera kachitsulo?"

Madala anafumbatula dzanja pang'onopang'ono. Kachigoba kaja kanali momwemo, kali magazi okhaokha. Anakazunguza pa kuwala n'kumwetulira.

"Sikanang'ambike. Mayi, mukakatsuke n'kukaika pouma. Kali ndi moyo aka."