Chigayo cha Mwana Wanga

Ine nyimbo za azungu sindinabadwe nazo, musandinamizire. Ndinachoka kwathu ku Ntchisi kudzagwira umesenjala pa boma la Mzimba, sukulu nditailekera panjira, Chingelezi changa chongokwanira kunyamulira envelopu. Ndinakwatira konkuno, ndipo mwana wathu mmodzi yekhayo anakula akulankhula Chitumbuka cha amake ngati ine kulibe.

Matipate atangoyamba, mnyamatayu anali pa sekondale cha ku Embangweni. Mzungu wina wophunzitsa kumeneko, pobwerera kwawo, anamusiyira kaseti. Ena amasiyiridwa njinga, wanga anasiyiridwa phokoso.

Nanga zinali nyimbo zimenezo? Woimbayo amayamba monong'ona ngati mkamwini akupempha mchere kwa apongozi, mwadzidzidzi n'kukuwa ngati waponda khala lamoto. Magitala ake ngati chigayo chomwe chameza mwala. Kasetiyo ndinaitcha Chigayo. Mnyamatayo akangoiika mu wailesi yanga, ine ndimafuula ndili pakhonde: "Amake mwana, tengani chimanga, atsegula!" Mwanayo amangogwedeza mutu, maso ali chitsinzinire, n'kunena kuti ndikadzakula ndidzazimvetsa. Mwana kuuza bambo wake zimenezo!

Tsiku lina masana ndinati ndizimitse ndekha. M'malo mwa batani lozimitsira ndinadina lofiira lija, lojambulira. Nyimbo inaleka, mwana n'kulowa chothamanga. Kuyambira pamenepo, pakati pa nyimbo ina yodekhako pamamveka mawu ake: "Adada, lekani! Mukunanga!" Kenaka kuseka kwa amake chapatali, mbale zikulira, nyimbo n'kupitirira. Anandikwiyira sabata yathunthu, akuti ndamuonongera kaseti. Ine ndinamuuza kuti kasetiyo ndaikonza, tsopano muli mawu amodzi omveka.

Atamaliza sukulu ntchito inasowa, ananyamuka wa ku Joni monga anzake onse a kuno. Kaseti anaisiya, akuti kumeneko zilipo zambiri. Anabwerako ali m'bokosi, pa ngolo yokokedwa ndi galimoto, pamodzi ndi mafiliji ndi matilesi a anthu ena. Amake sanachedwe kumutsatira.

Ndiye ndinayamba kugayitsa ndekha. Poyamba ndimangozunguza kaseti ndi bolopeni kuti ndifike pamene pali mawu paja. Koma bolopeni imatopetsa, ndipo ndinayamba kungoisiya iyimbe yonse. Pang'onopang'ono mzungu wokuwa uja ndinazolowerana naye. Zimene akunena sindizimva mpaka lero, koma munthu amene wayesa kulankhula mwaulemu mpaka ulemu kumuthera, ameneyo ndimamudziwa. Kutchalitchi amandiimbira zoti ndipirire. Uyu yekha ndiye amakuwa m'malo mwanga.

Chaka chatha wailesi inatafuna kaseti. Ndinaitulutsa ili ngati matumbo a nkhuku. Ndinaikulunga m'mpango n'kupita nayo kwa wokonza mawailesi wina pamsika, bambo wa ndevu zake, wamanja abwino. Atamva pang'ono mbali yotsala anaseka.

"Adada, inu mumamvera izi? Gulu ili ndi lotchuka chomene. Malaya ake achinyamata amalimbirana pa kaunjika."

"Malaya asiyeni," ndinatero. "Mundisamalire kasetiyi, muli munthu m'menemo."

Iye anaganiza kuti ndikunena woimbayo. Inenso, pokonda nthabwala, sindinafotokoze.

Nditapita kukatenga anandilandira monyadira. Anati wawongola mopindika monse, wadula ndi lezala, walumikiza ndi kyutekisi wa akazi ake.

"Mwadula pati?"

"Pang'ono waka, adada. Pomwe panatafunika kwambiri. Mwayi wake panali powonongeka kale, wina anajambulapo zokuwakuwa za kunyumba. Mbwenu ndachotsa zonse, nyimbo ikuyenda bwino tsopano."

Ndinafunsa kachidutswako. Analoza mulu wa zinyalala kuseri kwa msika, womwe unali ukufuka utsi. Ataona nkhope yanga anatulutsa foni, akuti chimbale chonsecho chilimo, choyera, andiikira pa khadi ulere. Anandiyatsira nyimbo yomweyo. Inadutsa pamalo paja osapunthwa n'komwe, ngati mwana wanga sanakhaleko padziko.

Ndinati yewo, pakuti ndinaleredwa bwino. Khadi ndinakana.

Chigayo ndimayatsabe, aneba amadziwa. Ana a sekondale akamadutsa amaima pampanda n'kumagwedeza mitu, wina anandiuza kuti ndine mdala wotsogola. Atsogole okha. Pamene analumikiza paja pamangomveka kuti thi, basi. Ndiye ndimadikira pamenepo, chala chili m'mwamba, n'kunena ndekha ndi Chitumbuka changa chopindika chomwe mwana wanga ankachiseka: "Adada, lekani. Mukunanga."

Kuseka kwa amake ndiye sindikutha.