Ndodo ya Pulu Imene Sitinagulitse

Mlendo uja anafika Loweruka masana, kunja kukutentha moti ngakhale akhwangwala a kuno ku Mirrabooka, kudziko la azungu kumene tinasamukira, anali chete. Ine ndinali pabalaza, ndikusita yunifolomu ya kusukulu. Mayi anali m'tulo kuchipinda chifukwa anali atachezera ntchito kuchipatala, ndipo tsiku lotere tonse tinkayenda monyang'ama mpaka atadzuka okha.

Munthu anamenya chitseko mwamphamvu. Bambo anathamangira kukatsegula kuti phokoso lisawadzutse mayi. Panja panaima mzungu wamkulu thupi, wofiira ndi dzuwa, atanyamula chikwama chachitali chowonda. Anatchula nambala ya nyumba yathu, bambo n'kuvomera. Kwathu mlendo safunsidwa chimene wabwerera ali chiimire pakhomo, ndiye bambo anamulowetsa, anamuonetsa mpando, n'kundituma madzi ozizira. Ndinaimika simbi osaizimitsa. Madziwo ndinapereka ndi manja awiri, koma sanawalandire.

Anatsegula chikwama n'kutulutsa ndodo yosewerera pulu, ya zidutswa ziwiri. Anailumikiza pang'onopang'ono, maso ali pa bambo. Inali yokongola, yakuda kumunsi, yokhala ndi timaluwa toyera. Chingerezi chake chinali chothamanga, moti ine ndinkachimva bwino kuposa bambo. Anati anaigula pa okushoni ya pa intaneti atalimbirana ndi anthu ena ambiri. Wogulitsa analemba kuti ndi yakalekale, yopangidwa pamanja ndi mmisiri amene anamwalira, ya mtundu umene anthu amangosunga m'kabati yagalasi osaseweretsa. Kenaka analowetsa chikhadabo pansi pa kaduwa kamodzi n'kukamatula. Kanali kasitika chabe. Pansi pake panali mtengo wamba wopaka penti.

"Ndi yabodza," anatero. "Ndipo paphukusi analemba kuti yachokera m'nyumba muno."

Bambo anga amagwira ntchito yokweza katundu ku Kewdale. Pulu anaisewerapo ali mnyamata ku Lilongwe, ndipo pa intaneti amangopitapo kukamvera nyimbo za kwaya. Anaseka kaseko kawo ka manyazi, kamene kamabwera zinthu zikawasokoneza.

"Bwana, wina wangoba adiresi yathu. Ife sitigulitsa kanthu. Takhalani pansi tikambirane."

"Ukuseka? Ukundiseka ine?"

Ndodo inalira mumpweya. Koyamba inatera paphewa, kachiwiri pakhutu. Tambula inandipulumuka n'kusweka. Bambo ndi munthu wadzitho, akanatha kumunyamula mzunguyo n'kumuponya pakapinga panja. Koma anapinda manja kumbuyo, dzanja lina litagwira linzake zolimba.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Tonse atatu tinali m'dziko muno pa viza ya mayi, ya unamwino, ndipo tinkadikira yankho la pempho lathu loti tikhazikike kuno. Kutchalitchi akuluakulu ankachenjezana kuti dzina likangolembedwa kupolisi pa mlandu womenya munthu, basi, yambani kulongedza. Kaya zinali zoona zonse kaya ayi, ife tinkazikhulupirira.

Ndodo inathyokera pamsana pa bambo. Munthu uja anatsala ndi chidutswa cholemera chakumunsi, n'kuyamba kuwamenya nacho m'nthiti. Bambo anagwada, kenaka anagwa cham'mbali pafupi ndi sofa. Magazi a pakhutu ankayenderera m'khosi mpaka pamalaya. Pa kumenya kulikonse ankangoti "hii", ngati munthu amene akutula katundu wolemera. Ine ndinatsegula pakamwa koma mawu sanatuluke. Mawu anga amabwera ndikagwira cholembera. Ngakhale m'kalasi amandithawa.

Chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Mayi anatuluka atamanga chitenje pachifuwa, tsitsi lili nyankhalala. Anaona bambo ali pansi, anaona mzungu atakweza mkono, dzanja lawo n'kupita pa simbi yamoto ija. Anaikoka mpaka chingwe chinazuka pakhoma.

"Galu iwe! M'nyumba mwanga?"

Bambo anakuwa ali chigonere, osati kwa wowamenyayo koma kwa mayi.

"Amake mwana, ayi! Musamukhudze! Viza ija ndi yanu!" Kenaka anatembenukira kwa ine. "Agwire amayi ako! Agwire!"

Chibadwire ndinali ndisanawagwirepo mayi mwamphamvu. Ndinawakumbatira m'chiuno chakumbuyo n'kudzilemeretsa ngati thumba la chimanga. Anandiguza mpaka pakati pa balaza. Kutentha kwa simbi ndinkakumva patsaya.

"Ndisiye, mwana iwe! Ndimusite nkhope ameneyu!"

"Amami, chonde. Amami."

Anagwedeza mkono kuti andichotse, ndipo chigongono chawo chinandipeza pakamwa. Ndinamva mlomo ukung'ambika pa dzino, koma sindinawasiye. Mzungu uja anayang'ana simbi, anayang'ana magazi amene ankadontha pachibwano panga. Anataya chidutswa cha ndodo n'kubwerera chambuyo mpaka panja. Mayi anaponya simbi pansi. Inawotcha kapeti, fungo lake n'kudzaza nyumba yonse.

Apolisi anaitanidwa ndi mneba wathu, mayi wachikulire amene anamva kukuwa. Munthu uja apolisiwo anamupeza atakhala m'galimoto yake pamsewu. Pamene a ambulansi ankawamanga bambo mabandeji, wapolisi wamkazi ananditengera kukhitchini ndekha. Anandipatsa kansalu konyowa n'kundifunsa kuti wandivulaza mlomo ndani.

Ndikanati ndi mzungu uja, palibe akanatsutsa. Pachitseko ndinkawaona mayi ataima pabalaza, manja ali kunkhongo. Ndinayankha motsitsa kwambiri moti anandiuza kuti ndibwereze. Ndinati ndinali nditawagwira mayi kuti asafike pa munthuyo, ndiye ndinagundidwa ndi chigongono chawo.

"Anafikapo?"

"Ayi. Sanamukhudze. Adadinso sanamukhudze."

"Amakumenya nthawi zina, amayi akowa?"

"Ayi."

Anapita kukaona pamene kapeti inapsa, n'kulemba zambiri. Atatha anapita kwa mayi n'kuwauza kuti mlandu ndi wa mlendoyo yekha, ndipo wotumiza phukusi uja amufufuza. Mayi anangoti phwathalala pansi, pakati pa magalasi osweka.

Tili kuchipatala, tikudikira kuti bambo awajambule nthiti, mayi anandikhazika pampando n'kuyamba kundipukuta mlomo ndi thonje.

"Ukanandisiya, bwenzi pano tikulongedza masutikesi," anatero.

Ndinagwedeza mutu.

"Koma ndikanamusita ndithu. Mbali zonse ziwiri."

Ndinafuna kuseka, bala n'kutsegukanso.

"Usasunthe, iwe," anatero mayi, misozi ikutsika. "Apa pafunika kusoka."