Chaka Chomwe Ndinakhala Mngelezi

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinakhala Mngelezi pa sikola ya ku Fingoe, nkhondo isanafike kwathu koma shuga atasowa kale m'loja, masitolo akwathu.

Aprofesolo, aphunzitsi athu, anatikonzera sewero la tsiku la ufulu. Linali la wamalonda wamakedzana wa ku Mangalande, amene anachoka kwawo ali mnyamata n'kukakhala pa chilumba china pakati pa nyanja yamchere. Kumeneko ankagula shuga n'kumatumiza kwawo pa zombo, mpaka analemera osadulapo mzimbe ndi umodzi womwe. Anzanga onse anafuna kukhala odula mizimbe, poti ndiwo opambana pamapeto. Ungelezi unagwera ine chifukwa ndinkachita manyazi ngakhale kukana.

Anandipaka ufa wa chinangwa kumaso n'kundiveka jekete la aprofesolo lonunkha fodya, manja ake akulendewera m'mawondo. Kenaka akazi awo anabwera ndi kachitini ka shuga weniweni, amene ankasungira phala la mwana wawo wodwala.

"Ndakubwereka poti ndiwe wofatsa, mwanawe," anandinong'oneza. "Kabwere momwe kalilimu."

Pokonzekera tinkagwiritsa ntchito mchenga. Ndiye nditatsegula kachitini pamaso pa makolo, odula mizimbe aja anangoti kakasi, zikwanje zawo zamapesi zili m'mwamba. Anayenera kuyamba aimba nyimbo asanandiukire. Nyimbo inaiwalika. Anandithamangira onse, patsogolo pali Zakariya, mnyamata wosusuka wa m'kalasi mwathu, atanyambita kale chala.

"Gawa, kamarada," anatero. "Shuga ndi wa anthu onse."

Ndinakwera pa benchi nditakumbatira kachitini pachifuwa, ndipo mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo anatuluka okha: "Bwererani kumunda nonsenu! Wokhudza shugayu aona!"

Anabwereradi. Makolo anaseka mpaka kupukuta misozi, bambo wina n'kunena kuti mzungu wankhanza chotero sanamuonepo ngakhale nthawi ya chibalo. Chaka chimenecho atsamunda anapambana, ndipo aprofesolo anatuluka thukuta pofotokozera akuluakulu a boma.

Kachitini ndinakabweza momwe kanalili. Mayi aja anandithira pang'ono pachikhatho, ndipo ndinanyambita njira yonse yakwathu, pamodzi ndi ufa wa chinangwa. Madzulo ndinalemba m'kabuku kanga kuti ndakuwa pagulu ndipo sindinafe.

Lero shuga ali mbwee pamsika, adzukulu anga amathira mu tiyi osayang'ana n'komwe. Mwana waphala uja anachira, ali ndi ana akeake. Koma Zakariya, ndi imvi zakezo, tikakumana amavulabe chipewa n'kundifunsa: "Bwana, kumunda kuja tiweruke liti?"